Chivomerezo Chachitatu cha Pyo Mansu

Pyo Mansu anali mwana wachiwiri wa mlimi wa adyo wa ku Uiseong. Anafika ku Daegu nkhondo itangotha, atavala jekete la msilikali lonyikidwa mu utoto wakuda kuti apolisi asamulande. Yunivesite masiku amenewo inali nyumba za malata zimene asilikali anasiya. Nthawi yotentha ophunzira ankawauka m'menemo ngati mbatata, nthawi yachisanu inki inkaundana m'botolo. Mipando inali yochepa, koma ofuna kukhala alakatuli anali ambiri.

Anali ndi magazini yawo, Mlatho wa Matabwa, yamapepala ofiirira onunkha mafuta. Mawu ake ankazokotedwa pamanja ndi cholembera chachitsulo pa pepala la phula, kenako ankagudubuza inki pamwamba pake. Ntchito yozokotayo inagwera Mansu chifukwa dzanja lake linali laudongo, ndiponso sankadziwa kukana.

Koma kutuluka mu Mlatho sikunkamusandutsa munthu mlakatuli. Dzinalo linkabwera pokhapokha mkulu wodziwika atakuvomereza katatu m'magazini yaikulu ya ku Seoul, ndakatulo zitatu, mkulu mmodzi yemweyo. Wovomerezedwa kawiri anali ngati mkazi amene ankhoswe anakambirana zake koma ukwati osachitika: sali mbeta, sali pabanja. Pa yunivesite yonse mkulu wokhala ndi mphamvu imeneyo anali mmodzi, Pulofesa Bong, munthu wamfupi wa mawu apansipansi, amene ankachonga ndakatulo za ophunzira ndi burashi ya inki yofiira.

Ndakatulo za Mansu sizinali zodabwitsa. Zinkanena za munda, za ng'ombe imene anagulitsa kuti iye aphunzire, za nsapato za mphira za amayi ake. Pulofesa anavomereza yoyamba, chaka chotsatira n'kuvomereza yachiwiri. Mnzake wa Mansu, Tak Ilgu, amene anali asanavomerezedwe n'kamodzi komwe, anayamba kumugwadira pakati pa msewu momunyodola, akumutchula kuti bwana mlakatuli wa miyendo iwiri, ndi kumufunsa kuti mwendo wachitatu umera liti.

Ndakatulo yachitatu inkanena za mkulu wake wobadwa naye, Mandol. M'chilimwe choyamba cha nkhondo kunabwera lole pamudzi, amuna a mayunifolomu akuitana mayina, ndipo Mandol anakwera pamodzi ndi anzake atauzidwa kuti ndi msonkhano chabe. Sanabwerenso. Loleyo sinachokere kwa adani, inali ya boma lawo lomwe. Aliyense pamudzi ankadziwa zimenezi, koma panalibe wozitchula. Mansu analemba mzere umodzi wosakuluwika: lole inamutenga mkulu wanga, mpunga uli mkamwa.

Pulofesa anaiwerenga ndakatuloyo, nati ndi yabwino, ituluke kaye mu Mlatho kenako aitumize ku Seoul. Koma pa mzere uja burashi inali itadutsa, ndipo pambali panalembedwa mofiira kuti mphepo ya m'dzinja inamutenga mkulu wanga.

Pozokota, Mansu anafika pa mzerewo n'kuima. Sanaganize zolimbana ndi munthu. Ankangoona ngati mphunzitsi sanamvetse, ndipo akadzaiona itasindikizidwa adzavomereza yekha. Anazokota mawu akuti lole.

Magazini ikatuluka, mamembala ankasonkhana m'kanyumba ka mowa kuseri kwa msika wa mankhwala azitsamba, kukambirana zolembazo imodzi ndi imodzi. Pulofesa ankamwa, n'kupereka chikho chake chopanda kanthu kwa wophunzira aliyense motsatana, n'kumuthirira yekha mowa wa mpunga, wophunzirayo n'kulandira ndi manja awiri. Tsiku limenelo anakambirana ndakatulo zonse kupatula ya Mansu. Chikho chinapita kwa wokhala kumanja kwa Mansu, chinabwerera, n'kupita kwa Ilgu kumanzere kwake. Mansu anatsala manja ali m'mwamba, kenako anawabweza pa maondo.

Patapita masiku anamva kuti Pulofesa anaitanidwa ndi amuna ena osavala yunifolomu, ndipo anakhala nawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akufunsidwa kuti lole yotchulidwa m'magazini ya ophunzira ake ndi ya ndani. Anawayankha kuti wolembayo ndi mwana wakumudzi wosadziwa kulemba, amatanthauza lole ya adani. Mansu sanagwidwe. Mlatho unaletsedwa, ndipo sunatulukenso.

Mansu anapita kukapepesa. Anagwada pabwalo la nyumba ya Pulofesa, ndipo mkuluyo anamulowetsa, anamupatsa tiyi, n'kumufunsa za ulimi wa adyo. Za ndakatulo sanatchule.

Atamaliza sukulu, Mansu anapeza ntchito pa kampani yaing'ono yosindikiza mabuku, kuchonga zolakwika m'zolemba za anthu ena. Anakwatira Sunrye, mwana wa wosoka zovala, ndipo anabereka mtsikana, Yongja. Chaka chatsopano chilichonse ankanyamula bokosi la maapozi kupita kwa Pulofesa, n'kukhala pamzere ndi ophunzira ena akale, n'kugunditsa mphumi pansi. Ankapatsidwa msuzi wa timikate ta mpunga ngati wina aliyense. Akapereka ndakatulo zatsopano, Pulofesa ankaziika pansi pa mtsamiro osaziyang'ana, n'kunena kuti chipatso chosapsa sachithyola.

Ilgu anavomerezedwa katatu m'zaka zochepa, analemba mabuku, ananenepa. Sanamutaye mnzake. Ankabwera kukampani kuja ndi zolemba zake, n'kumukokera ku nyumba ya tiyi.

"Iwe mwana wa adyo, ukudikira chiyani? Maapozi amene wapereka kwa mdala uja akanadzaza sitima. Sintha dzina, uyambirenso kwa mkulu wina. Ndani akudziwe?"

"Aphunzitsi angadziwe."

"Ndiye adziwe. Adzakudya?"

"Ndinawaika m'manja mwa anthu aja tsiku lathunthu, Ilgu. Ndiwathawenso?"

"Ndiwe bulu. Lipira tiyi, ine mlakatuli sindiyenda ndi ndalama."

Kamodzi kokha Mansu anayesa. Anakwera sitima kupita ku Seoul kwa mkulu wina amene Ilgu anamulozera. Mkuluyo anawerenga ndakatulozo mofatsa, nati zilibe vuto, koma iye sangatsitse mwana kumsana kwa mnzake mayi ake ali moyo. Anamufunsanso ngati Pulofesa Bong akudziwa za ulendowu. Mansu anabwerera tsiku lomwelo, ndipo chaka chimenecho anagwada kwa Pulofesa nthawi yaitali kuposa onse.

Sunrye sankadandaula kawirikawiri. Koma tsiku lina, akusita malaya a chaka chatsopano, ananena osatembenuka kuti Yongja wafunsidwa kusukulu ntchito ya bambo ake, ndipo wayankha kuti amadikira. Anafunsa mwamuna wake ngati mawu amodzi angalemere kuposa moyo wa munthu, popeza wakufayo sadzabwera, kaya alembe lole kaya alembe mphepo.

Mansu anali atayamba imvi pamene anamva kuti Pulofesa wafa ziwalo mbali imodzi, ndipo magazini ya ku Seoul ikufuna kuika wina pamalo pake. Mkuluyo akachoka, zivomerezo ziwiri zija zikanatsala zamasiye mpaka kalekale. Mansu anatulutsa ndakatulo ya Mandol, anaikopera pa pepala labwino, ndipo pa mzere uja analemba mphepo ya m'dzinja. Dzanja lake linali laudongo monga kale.

Anampeza Pulofesa atagona pa mphasa pamalo ofunda a chipinda, pakamwa patapotoka. Mkazi wake anamutsamiritsa, n'kumugwirira pepalalo. Anawerenga mpaka pa mzerewo, n'kumuyang'ana Mansu nthawi yaitali.

"Wachedwa, Pyo," anatero movutikira. "Ukanabwera nayo sabata yomweyo."

"Ndinalakwa, aphunzitsi."

"Lole ija inali bwino. Ndinkadziwa. Koma ndinali ndi ana."

Anapempha chidindo chake, ndipo mkazi wake anamuthandiza kuchikanikiza. Mansu anagunditsa mphumi pansi, nathokoza monga mwa mwambo.

Ndakatuloyo inatuluka m'nyengo ya masika, pansi pake pali mawu ochepa onena kuti a Pyo Mansu amaliza zivomerezo zawo. Ilgu anakonza phwando. Akampani anamuwombera m'manja, ndipo mwini wake anayamba kumutchula kuti aphunzitsi, ngakhale tebulo lake linakhala lomwelo, pafupi ndi khomo lolowera mphepo.

Anatsala munthu mmodzi woti auzidwe. Bunnam, mkazi wa Mandol, sanakwatiwenso. Anasamukira ku Daegu kalekale ndipo ankagulitsa phala la nyemba zofiira pamsika waukulu. Sankadziwa kuwerenga, koma ankadziwa kuti mlamu wake analemba za mwamuna wake, ndipo kwa zaka zonsezo ankafunsa kuti zidzatuluka liti m'buku la ku Seoul, kuti anthu akuluakulu amve. Mansu anazengereza milungu ingapo. Kenako Bunnam anatumiza uthenga kuti wamva kwa Sunrye, abwere nalo bukulo.

Anampeza masana, makasitomala atachepa. Bunnam anapukuta manja pa epuloni, anagwira magaziniyo, anapempha kuti amulozere pamene pali dzina la Mandol, n'kuikapo chala. Anaitana amayi a mabenchi oyandikana, wogulitsa nsomba zouma ndi wogulitsa nsalu, kuti adzamve.

"Werengani, alamu. Mokweza, awa ndi ogontha."

Mansu anawerenga. Anadutsa munda, anadutsa mbale ya mpunga, n'kufika pa mzere uja. Akanatha kunena lole, popeza panalibe wotha kumutsutsa. Koma anali atachonga zolemba za anthu moyo wake wonse, ndipo pakamwa pake panatuluka zimene zinali papepala.

Amayi aja anapukusa mitu mwachisoni, wansaluyo nati mawu ake ndi okoma ngati nyimbo.

"Mphepo yanji?" anafunsa Bunnam.

"Ndi kalembedwe ka ndakatulo, alamu."

"Kunalibe mphepo tsiku lija. Kunali kotentha. Ine ndinagwira thabwa lakumbuyo kwa lole, wina n'kundiponda zala ndi nsapato. Inu munali pa mpanda, munaona." Anatambasula dzanja lamanzere, zala ziwiri zokhota. "Kapena bukuli likunena za Mandol wina?"

Mansu anati ndi yemweyo. Bunnam anatseka magaziniyo bwinobwino, anaipukuta pachikuto ngakhale panalibe chodetsa, n'kumubwezera ndi manja awiri, monga amachitira kwa mlendo. Anamuthirira phala m'mbale, n'kutembenukira kwa kasitomala amene anali atangofika. Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso za ndakatulo, ndipo pa tsiku lokumbukira Mandol ankamulandira mlamu wakeyo mwaulemu waukulu.

Pulofesa Bong anamwalira chaka chomwecho, ndipo Mansu anali mmodzi wa onyamula bokosi. Dzina lake linalowa m'bungwe la alakatuli a mumzindawo. Pamisonkhano ankakhala kumapeto, pakati pa achinyamata amene akanakhala ana ake, chifukwa ukulu unkawerengedwa kuyambira chaka chimene munthu anavomerezedwa. Magazini ziwiri zitatu zinamupempha ndakatulo, popeza tsopano anali ndi ufulu wotuluka paliponse. Ankayankha kuti atumiza.

Ankakhala pansi Lamlungu masana, pepala patsogolo pake, Sunrye akuyenda monyang'ama kuti asamusokoneze. Akalemba mzere ankauyang'ana, osadziwanso ngati ndi wake kapena ndi umene wina angaulole. Ankaufufuta. Patapita nthawi magazini zija zinaleka kupempha.

Anagwira ntchito pakampani ija mpaka maso anafooka. Ilgu atakalamba anasonkhanitsa buku la alakatuli a Mlatho wa Matabwa, ndipo anabwera kudzapempha chilolezo choikamo ndakatulo ya Mandol. Anafunsa kuti aike iti, ya mu Mlatho kapena ya ku Seoul, popeza nthawi zinali zitasintha ndipo za malole aja zinkalembedwa ngakhale m'nyuzipepala. Bunnam anali atamwalira kale. Mansu anaganiza pang'ono, nati asaike iliyonse.