Matabwa Ogona Chafufumimba

Pa fakitale ya mipando onse ankawatcha Mayi Utuchi. Dzina lawo lenileni linali pa khadi la pageti basi, ndipo iwo sankadandaula, poti kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri utuchi ndiwo unali ntchito yawo: kuusesa, kuuwola, kuuthira m'matumba. Anali mwana wa kalipentala. Akanakhala mwamuna bwenzi atagwira macheka, koma bambo awo ankangowalola kugwirira thabwa pocheka. Anakula akudziwa matabwa ndi manja, opanda pepala lililonse lowachitira umboni.

Sankakhulupirira munthu wofunsa mafunso akumwetulira. Khalidwe limeneli analitenga chaka chimene makina atsopano anabwera.

Makinawo anadzaza theka la holo. Akale aja aliwonse ankadziwa ntchito imodzi, moti pofuna kusiya matebulo n'kuyamba makabati, amuna ankatha tsiku lathunthu akumasula ndi kumanga mipeni. Atsopanowa ankasintha okha. M'mawa akudula zitseko za makabati, isanakwane teni ayamba mashelefu, masana matebulo a ana asukulu, malinga ndi zimene kompyuta yalamula. Mkono wachitsulo wokhala ndi timakapu ta labala unkanyamula thabwa pamulu n'kuligoneka pa tebulo lodulira. Tebulolo linkayamwa thabwa ndi mpweya kuti lisasunthe, kenako mpeni n'kutsika.

Makinawo asanafike kunabwera kaye injiniya, mayi wamtali woyankhula motsitsa. Ankayenda pambuyo pa wantchito aliyense kuyambira belu la seveni mpaka belu lowerukira, akulemba pa tabuleti yake. "Apa mumatani, achimwene? Tandionetsaninso." Amuna ankafotokoza monyadira. Mdala wina wodziwa kudula makona anafotokoza masiku atatu, mpaka kujambula pabolodi. Makina atayamba ntchito, mdalayo ndiye anali woyamba kupatsidwa kalata yomuchotsa ntchito. Mwa akalipentala makumi atatu munatsala asanu ndi anayi, amene tsopano ankangoima manja kumbuyo akuyang'ana manambala pagalasi. Makinawo anawatcha Apongozi, ati chifukwa anali ndi mzere wachikasu pansi umene munthu sankayenera kuudumpha. Mayi Utuchi sanaseke nawo. Anaona, nasunga mumtima: chimene wanena makina ameza, ndipo akameza iwe watha.

Koma Mayi Utuchi injiniya sanawafunse kanthu. Tsache aliyense amalidziwa.

Chimene sichinalembedwe pa tabuleti chinali ola la m'mawa. Lole ya mlamu wawo inkawatula pageti itangokwana sikisi. Pofika nthawi imeneyo amakhala atawathowa kale amuna awo mwendo, atawaikira madzi ndi chakudya pafupi, koma manja awo sankatha kukhala pamwendo kudikira belu. Mlonda ankawatsegulira kachitseko ka pambali. Ankapita pa milu ya matabwa, n'kuwerama, n'kuyang'ana m'mphepete mwa thabwa ndi diso limodzi. Thabwa lililonse limapindika pang'ono, makamaka la kufupi ndi khomo kumene kumalowa chinyezi. Lopindika likagona chagada, m'mbali mwake mumadzuka, mpweya wa tebulo n'kuthawira momwemo. Likagona chafufumimba, msana m'mwamba, tebulo limalikoka mpaka kuwongoka. Ndiye iwo ankatembenuza, limodzilimodzi, akupukuta fumbi ndi kansanza.

Anayamba kalekale, pa makina akale, pofuna kupeputsira amuna ntchito. Amunawo ankaganiza kuti matabwa amabwera choncho kuchokera kogula, ndipo chaka china kapitawo anayamikira poyera kampani yogulitsa matabwa chifukwa chosanja bwino. Palibe anawatuma, palibe anawalipira ola limenelo. Belu likamalira ankakhala atanyamula kale tsache.

Vuto linali lakuti ola limodzi linkangokwanira milu iwiri yoyamba. M'mawa makina ankayenda ngati madzi. Masana, akafika pa mulu wachitatu, thabwa linkaterereka pansi pa mpeni, nyali yofiira n'kuyaka, zonse n'kuima.

Kapitawo, munthu wamfupi wa makiyi ambiri m'chiuno, ananena kuti makina sadwala masana okha ngati malungo. Pali dzanja la munthu. Anayamba kuyang'ana aliyense cham'mbali. Akalipentala otsala aja anasiya kudyera pamodzi. Kenako wina anakumbuka kuti kudenga kuli kamera.

Lachiwiri kapitawo anawaitanira Mayi Utuchi mu ofesi. Pa kompyuta panali iwo eni, duku kumutu, akutembenuza matabwa m'holo mopanda munthu.

"Awa ndani, mayi?" anafunsa kapitawo.

"Akufanana nane."

"Musandiseweretse. Mumatani pa matabwa a kampani belu lisanalire?"

"Ndimasesa, bwana."

"Tsache lake liti? Kapena masiku ano mumasesera thabwa?"

Injiniya anali pakona, akubweza chithunzicho mobwerezabwereza. Zimenezo zinawaopsa Mayi Utuchi kuposa phokoso la kapitawo. Analamulidwa kuti asadzalowenso belu lisanalire. Potuluka madzulo anamuyang'ana mlonda, mlondayo n'kuyang'ana nsapato zake. Kaya ndiye anakumbutsa za kamera, kaya ayi, kuyambira tsikulo anasiya kumubweretsera masamba a tiyi.

Lachitatu anakhala pamwala kunja kwa geti ola lonse, manja akuwayabwa. Makina anaima isanakwane eyiti. Lachinayi anaima kanayi, ndipo thabwa lina linathyoka, chidutswa n'kuuluka kukaswa galasi la ofesi. Kalipentala wina anawasendezera mwendo kuti asese pansi pake, n'kunong'ona: "Achemwali, ngati ndi inu mwawagwira pakhosi Apongoziwa, finyani ndithu. Ine sindinaone kanthu." Iwo anangopitiriza kusesa. Munthu wokuyamikira pa mlandu umene sunapalamule ndi yemweyo adzakuchitire umboni. Masana kapitawo ananena poyera, tsache likumva, kuti alipo wina wakwiya chifukwa chotsekeredwa kunja, ndipo anasiya china chake m'makinamo. Lolemba kalata yake ikhala itasainidwa.

Kunyumba amuna awo, amene mwendo unawakhazika pansi zaka zinayi zapitazo, anamvetsera uku akutokosa wailesi yomwe sinkakonzeka.

"Ingowauzani, mayi a ana. Nkhani ya kutembenuza thabwa n'kufera?"

"Mdala wa makona uja anawauza. Ali kuti lero?"

"Mukapanda kunena akuchotsani ngati mfiti ya makina."

"Ndikanena agula kachitsulo kotembenuza, andichotsa ngati munthu wabwino. Geti lake ndi lomwelo."

"Ndiye muwalodze zenizeni, mwina angakuopeni," anatero amunawo. Palibe anaseka. M'nyumbamo munalibe wina wopita kuntchito.

Lachisanu masana injiniya anawapeza m'kachipinda ka matsache, monunkha sopo wokolopera ndi nsanza zonyowa. Anakhala pa chidebe chovundikira, tabuleti n'kuizondotsa pamwendo.

"Amayi, ine sindikuganiza kuti munawononga kanthu. Ndaonera zithunzi zija tsiku ndi tsiku. Milu imene mwagwira, makina amayenda. Imene simunagwire, amaima."

"Ine sukulu ya makina sindinapiteko, madamu."

"Ine ndinapitako, koma ndinalakwitsa. Ndinayeza ntchito ya m'holo muno kuyambira belu mpaka belu. Sindinaganize kuti pali ntchito ina imene imatha belu lisanalire."

Mawu okoma, anaganiza Mayi Utuchi. Mdala uja nayenso injiniyayu anamuyamba ndi mawu okoma. Anayang'ana tabuleti ija. Ndani akudziwa ngati yozondoka siimva?

"Ndikakuonetsani, mudzagula kachipangizo kochita zomwezo?"

Injiniya anazengereza. "Kalipo. Koma n'kodula, ndipo sikangafike chaka chino. Mabwana akandifunsa, sindingawanamize kuti kulibe."

Akanati kulibe, Mayi Utuchi akananyamula tsache n'kutuluka. Koma yankho lowawali linamveka ngati loona. Anapotokola kansanza kamene kanali m'manja mwawo.

"Lembani kaye," anatero. "Pa pepala la kampani, la chidindo, osati pa galasi lanulo. Mulembe kuti ntchito yanga imayamba sikisi, ndi kuti kusanja matabwa ndi ntchito yanga. A kapitawo asaine, ndipo kalata yawo ya Lolemba ang'ambe ine ndikuona. Mukatero bwerani Lolemba m'mawa."

"Nanga zaka zonse zija munkabwera sikisi?"

"Zimenezo zinapita ndi utuchi. Musandikumbutse, ndingakwiye."

Kapitawo anasaina nkhope itagwa, akung'ung'udza kuti posachedwa tsache lidzafuna ofesi yakeyake. Iwo anawerenga pepalalo kawiri, chala chikutsata mzere, kenako analipinda n'kulibisa m'bulauzi.

Lolemba sikisi koloko anali awiri pa milu ya matabwa. Anamuonetsa injiniya kawerameredwe kake, diso limodzi, msana m'mwamba, mimba pansi. Injiniya analemba, anajambula, anayesa yekha n'kulakwitsa kawiri. Ananenanso kuti masana Mayi Utuchi azisiya tsache kwa kanthawi, azitembenuza mulu wachitatu.

Koma panali china. Matabwa ena amaoneka owongoka m'mawa, chonsecho amwa chinyezi mbali imodzi, ndipo dzuwa likatenthetsa malata amapindika. Amenewo diso siliwaona. Amadziwika ndi chikhatho, chifukwa mbali yonyowa imazizira pang'ono kuposa inzake. Mayi Utuchi anadutsitsa dzanja pa thabwa lina ngati akupukuta fumbi, anamva kuzizira kuja, n'kulitembenuza.

"Limenelo ndi lowongoka, amayi," anatero injiniya. "Mwalitembenuziranji?"

"Linali ndi fumbi kunsi."

Injiniya anayang'ana thabwalo, n'kuyang'ana dzanja lawo, nthawi yaitali ndithu. Kenako anafunsa motsitsa: "Ndiye zonse n'zimenezi?"

"N'zimenezi, madamu."

Injiniya sanalembe kanthu. Kaya sanazindikire, kaya anazindikira n'kusankha kusalemba, Mayi Utuchi sanadziwe, ndipo sanafune kumuyamika asanadziwe. Anadikira mpaka injiniyayo atatembenuka kupita kukayatsa makina, pamenepo ndi pamene anaika chikhatho pa thabwa lotsatira.