Chaka Chosema pa Mbatata

Ine ndinkakhulupirira kuti kalimbo, chidindo cha tsiku cha mu ofesi, imadziwa yokha chaka. Sekani, nanga mano si anu? Tsiku ndi mwezi ndinkaona a sekeletaliyo, mlembi wathu, akupotokola ndi chala m'mawa uliwonse, koma pa chaka sindinaonepo munthu akukhudza. Ndiye ndinkati Apwitikizi anaikamo nzeru.

Nkhondo itavuta, a sekeletaliyo anathawira ku Dedza. Ofesi yathu ya ku Ulongwe inandigwera ine wosesa, poti ndinafikako kalasi yachitatu ku misiyoni. Ntchito inali kudinda magiya, timapepala toloza kuti waloledwa kuyenda, ndi kudindanso tsiku lomwelo m'buku, mzere wotsetsereka m'mbali mwa maina.

Mu Janeyiro, mayi a kunyumba ndi anzawo anasenza nyemba kukasinthitsa mchere kumalire. Kwathu ndiwo tinali titadya zopanda mchere mpaka ana kuiwala kuti mchere umakoma bwanji. Ndinawadindira monyadira. Dzuwa lisanapendeke, ndinangoona onse ali pakhomo pa ofesi, nyemba zili pamutu.

"Bambo a ana," anatero mayi, "msilikali wa pa kontorolo, poonetsa magiya paja, akuti tinanyamuka chaka chatha. Akufunsa kuti tinkagona kuti miyezi yonseyi?"

Mnzawo wina anaonjeza, "Achimwene, kusesa kuja kunkakukhalani bwino."

A shefi, bwana wathu wamkulu, anatsegula buku, n'kutsetsereka ndi chala mzere wonse. Chaka chakale chokhachokha.

"Kamarada, ukonze. Buku ndi magiya omwe."

Ndinapotokola kalamba ka chaka. Kanangobwerera ku zaka za atsamunda. Zaka zinali zitatha m'kalimbomo! Kulemba pamanja sikukanathandiza, chifukwa msilikali chimene chalembedwa ndi dzanja ankati n'chabodza.

Ndinapempha mbatata ya kachewere imene mayi anatenga ya kamba wa paulendo. Ndinaidula pakati, n'kusema ndi lumo nambala yomaliza ya chaka chatsopano. Nditaviika mu tinta, inki ya kalimbo ija, n'kudinda, nambala inatuluka itayang'ana kumene yachokera. Azimayi anaseka mpaka wina kutula mtolo. Ndinasemanso pa chibenthu chinacho, chotembenuza. Iyi ndiye inaima bwino, yonenepa ngati mwana wa mwini sitolo.

Ndinafufuta nambala yakale ndi lumo, n'kudinda yatsopano, mzere wonse mpaka pansi, kenako magiya. Mbatata ikafota ndinkaisenga pang'ono. Pothera pa tsamba nambalayo inali itaonda ngati ife tomwe.

M'mawa mwake azimayi ananyamukanso. Akuti msilikali uja anayang'ana giya nthawi yaitali, anainunkhiza, n'kunena kuti boma layamba kudinda mooneka.

Tsiku limene mayi anabwerako ndi mchere, madzulo anandiikira mbale ya mbatata yophika. Chidutswa china chinali chobiriwira m'mphepete.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"N'chaka chanu chija, ndachipeza m'thumba la malaya. Idyani, bambo, lero chili ndi mchere. Chamawa mudzasemere pa mbatata ya kwa amayi anu."