Waya wa Wayilesi Yanga

Ndinanyamuka ku Lobi dzuwa lisanatuluke, wayilesi yanga yakale nditaikulunga m'chitenje ngati khanda. Inali itayamba kungochita phokoso lokhalokha, moti mkazi wanga Nabanda ankapita madzulo aliwonse kukamvera sewero kwa a Kamwendo, oyandikana nafe. Bambowa anabwera ndi chiwayilesi chachikulu kuchokera ku Joni, ndipo banja lawo linali litatha. Sindibisa, nsanje inkandidya.

Galimoto ya matola inandilipiritsa K8 mpaka pa Linthipe. Tinakhala pamwamba pa matumba a nyemba, mphepo ikulasa m'makutu. Mayi wina anasuzumira chitenje changa.

"Mwanayo akudwala chiyani, bambo?"

"Wasiya kuyankhula," ndinatero, osaseka.

Minibasi ya K5 inandifikitsa pa Dedza Boma cha m'ma naini. Nditadya chipisi cha K2, ndinapeza wokonza mawayilesi pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Anapukuta poika mabatire, n'kukoka eriyo. Wayilesi ija inayankhula bwinobwino, yopanda ndi manyazi omwe.

"Nyumba yanu ili pati, achimwene?" anafunsa.

"M'chigwa, kunsi kwa phiri."

"Ndiye wayilesiyi ilibe mlandu. Phirilo ndi limene likutchinga. Gulani waya wautali, mumangirire ku eriyo, mbali inayo mukamange pamtengo wautali kwambiri."

Ndinagula wayayo ndili wokondwa. Koma pobwerera, galimoto ikugwedezeka m'maenje, ndinayamba kuganizira mitengo ya kwathu umodziumodzi, ndipo chimwemwe chinatha. Mtengo wautali unalipo umodzi wokha, bulugamu wa kuseri kwa nyumba ya a Kamwendo.

Ndinafika cha m'ma folo. Ndinapita kukapempha a Kamwendo kuti ndimange wayayo mumtengo wawo. Anavomera akuseka, mpaka anakwera okha mumtengomo, Nabanda akuwayamikira mphamvu. Mtima wanga unawawa, koma wayilesi inagwira, ndipo tsiku limenelo mkazi wanga sanatuluke. Ndinadziona ngati mwamuna weniweni.

Sewero litangoyamba, tinamva, "Odi kuno!"

Anali a Kamwendo. "Achimwene, yanga ija ikundimalizira mabatire, sikisi pa sabata. Poti yanuyi yachira, ndizimvera konkuno."

Ndikanakana bwanji, waya wanga uli mumtengo wawo? Ulendo wonse uja ndinakonza wayilesi yokha, nsanje ndinabwerera nayo. Nabanda anadzuka msangamsanga n'kuwapatsa mpando wanga.