Nachikasu wa Bambo Anga

Bambo anga, a Yoramu, anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosamva mankhwala komanso njala yoona mitengo. Ankati munthu amene wakhala zaka khumi ndi ziwiri pansi pa nthaka sadula mtengo mwachisawawa. Choncho kumtunda kwa munda wa amayi ku Biriwiri anasiyako kankhalango ka mombo ndi masuku, anzawo onse atalima mbatatesi mpaka m'phiri.

M'kankhalangomo munali kambalame kamene anakatcha okha dzina loti Nachikasu. Ife tinkangoti ndi timba, ndipo palibe chimene chinkawapsetsa mtima ngati chimenecho.

"Zelesi, maso akowo ngokongoletsa nkhope?" ankandikalipira. "Timba amakhala m'udzu, mchira uli m'mwamba. Aka taona: msana wobiriwira, pakhosi pachikasu, kumimba koyera, pamwamba pa diso kamzere ngati kolemba ndi choko. Sikakhazikika. Kamasuzumira kunsi kwa tsamba lililonse kufuna timbozi. Kudya kamadyera m'mwamba, koma chisa kamamanga pansi, patsinde pa mtengo."

Ine ndinkangovomera kuti nkhani ithe.

Amayi anamwalira mu 2004. Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Kandeu, kumene anachokako ali mnyamata. Zaka makumi atatu analima pamudzi pathu, anamanga nyumba ya malata, anakumba manda a eni mudzi, koma tsiku lowasudzula litafika anakhala pamphasa ngati mlendo wodikira basi. Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Atsibweni anga a Goliati, achimwene awo a amayi, ananena poyera kuti mitengo ija igwa, pakufunika munda.

Bambo sanapemphe nyumba, sanapemphe malata. Anati, "Alamu, ndipatseniko masabata atatu okha. Kambalame kaja kaikira mazira. Ana akauluka, mudule."

A Goliati anaseka. "Alamu, mwakalamba inu. Tisiye kulima chifukwa cha timba? Mvula idikira timba wanuyo?"

Bambo anatembenukira kwa ine. Munda unali wa amayi, tsono unali wanga, ndipo mawu anga akanamveka. Ankangofuna kuti ndinene kuti si timba. Ine ndinawerama, n'kumatokosa pansi ndi kamtengo. Ndinali ndi ana anayi, mbewu ya mbatatesi itaphuka kale m'nyumba. Ndimadziuza zimenezi mpaka lero, koma sizinditonthoza.

Nkhwangwa zinalira Lolemba. Lachitatu bambo anamanga katundu wawo m'sutikesi yomwe ija anabwera nayo ku Joni, nadutsa pakati pa zitsa akutsokomola, osacheuka. Ku Kandeu anakafikira m'kanyumba ka mwana wa mlongo wawo, ndipo anamwalira chaka chisanathe.

Mbatatesi zinabereka zaka ziwiri basi. Chaka chachitatu madzi anakokolola nthaka yonse, pano pali miyala yokhayokha. A Goliati amati nyengo ndiyo yasintha. Ndikawamva akutero ndimachoka pamalopo ndisanatukwane munthu wamkulu.

Mwezi wathawu ndikuchokera kuchigayo, kambalame kanatera pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Ndinatula ufa msangamsanga. Ndinayang'ana pakhosi, ndinafunafuna kamzere ka pa diso, ndinayesa kukumbukira chimene bambo ankati ndiziyamba kuona. Kanauluka ndisanadziwe. Mwina anali Nachikasu, mwina timba wamba. Pamudzi ponse pano palibe woti n'kumufunsa.