Tinamuika Esinati m'jekete la bambo

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale tulo take ndinangotilawa. Ndinali nditatsamira khoma m'nyumba ya siwa, miyendo itachita dzanzi, koloboyi atatsala pang'ono kuzima. Pakati pa chipinda panagona mkulu wanga Esinati, pamphasa, titamufunditsa nsalu yake ya kanga yobiriwira. Amayi anakhala kumutu kwake. Sanalire mokweza, ankangomuingitsira udzudzu kumaso.

Panja mwera unali kuwomba. Inali nyengo yozizira, m'zaka zija boma litatichotsa kugombe, kumene bambo anamanga atawoloka kuchokera ku Malawi, n'kutiika m'mizere ya kijiji cha ujamaa, mudzi wa boma wolimira pamodzi, kumtunda kwa Mbamba Bay. Amuna amene anagona pamoto anali ochepa kwambiri. Nyimbo zinaimbidwa pang'ono madzulo, kenaka zinangofa zokha.

Esinati anabadwa ndi thupi lachimuna, ndipo anamubatiza dzina loti Yobe. Koma ine chikulireni sindinamudziwepo ngati mlongo wanga. Ankapita nafe kumadzi, kukavuula chinangwa, kukatola nkhuni. Bambo ankamumenya kuti alowe m'bwato. Ankalowa, kukoka khoka usiku wonse, koma pobwera ankamanganso nsalu m'chiuno. Bambo atamwalira anaboola makutu, analeka kumeta, nadzitcha Esinati. Anandiuzapo kamodzi kokha kuti, "Ine sindinasanduke mkazi, ndangoleka kunama." Kugombe anthu ananyoza mpaka anatopa. Anali ndi makina osokera, ndipo akazi ambiri a kumeneko anakwatiwa atavala diresi lotuluka m'manja mwake.

Mukijiji zinthu zinasintha. Ntchito ya onse ankaigawa pawiri, amuna kwawo, akazi kwawo. Tsiku lina a mgambo, anyamata olondera mudzi aja, anamuchotsa pamzere wa akazi m'munda wa ujamaa, namuvula anthu akuona, n'kumutumiza kokaumba njerwa. Anthu anaseka, ena mwa iwo atavala zosoka zake. Kuyambira pamenepo sankatulukanso masana. Chifuwa chitamugwira anakana kupita kuchipatala, chifukwa ankadziwa kuti akamugoneka kwa amuna ndipo akamuvulanso. Ndinamudandaulira, ndinamukalipira, osatheka. Anamwalira ali m'manja mwanga, atawonda ngati bango.

Kutayamba kuyera, akazi anasonkha moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zaziwisi, utsi unkangobwerera m'maso chifukwa cha mphepo. Anatereka nyemba m'miphika yobwereka, wina anabweretsa lichero la usipa wouma, wina ufa wa kondowole. Amayi awiri achikulire, amene amasambitsa maliro a akazi m'mudzimo, anatereka madzi awo pambali osafunsa munthu. Nditawaona mtima unakhala pansi. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa diresi loyera limene Esinati anadzisokera yekha akudwala, ndinalipinda bwino n'kuliika pampando.

Dzuwa litakwera pang'ono anthu anayamba kufika, ndipo anachuluka kuposa pa maliro a bambo. Ena anachokera ku Ndumbi, ena kumapiri. Abale athu a kutsidya sanabwere, poti masiku amenewo kuwoloka nyanja kunali kovuta, ndipo uthenga womwe sunawapeze. Ambiri mwa obwerawo sanali odzakhuza. Ankalowa m'siwa, kulira mawu awiri, maso ali pa kanga, kufuna kuona mmene thupi lagonera pansi pake. Mtsikana wina ananyamulira mwana wake m'mwamba kuti aone bwino. Panja ndinkamva kunong'onezana m'zilankhulo zonse za kunyanja kuno, funso lake limodzi lomwelo: asambitsa ndani?

Amalume anafika panjinga kuchokera ku Tingi, fumbi lili mbuu m'miyendo. Ndiwo anali mwini mbumba, koma chidwalireni Esinati sanapondeko pakhomo pathu. Anakhala kaye pansi pa mtengo wa mango ndi mphunzitsi wa mpingo komanso balozi, mkulu woyang'anira nyumba khumi za mzere wathu. Atatha kukambirana anandiitanitsa. Ndinagwada patali pang'ono.

"Lusiya, madzi aja akutereka amayiwo ndi a chiyani?"

"Ndi osambitsira malemu, amalume."

"Mlongo wako asambitsidwa ndi amuna. Ukatulutse jekete la bambo ako m'bokosi la zovala muja."

"Si mlongo wanga, amalume. Ndi mkulu wanga. Zovala zake anasiya atakonzeratu."

Mphunzitsi uja anayankha mofatsa, akuyang'ana nsapato zake, kuti Mulungu anamulandira mwanayu m'dzina la Yobe, ndipo iye sangapempherere dzina lina. Balozi anati sakufuna nkhani yoti ikafike ku ofesi ya chipani. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ali moyo anatichititsa manyazi, tinapirira," anatero. "Lero ndi wathu. Nyamuka."

Ndinapita kwa amayi awiri aja. Mmodzi anali woti Esinati anamusamalira mwezi wathunthu atathyoka mwendo, kumutungira madzi ndi kumuchapira. Anandigwira dzanja nandiuza kuti iye ndi mlendo pa mbumba yathu, sangalimbane ndi eni maliro. Anaphula madzi aja n'kukawasiya pakhomo.

Anatitulutsa tonse akazi. Amayi anakana kunyamuka, ndipo anachita kuwanyamula m'khwapa ngati thumba la chinangwa. Analowa amuna anayi, natseka chitseko. Ine ndinakhala pakhonde, msana utatsamira khoma. Ndinamva akufunsana za lumo, kenaka wina anapeza sizasi ya Esinati pamakina paja. Kulira kwa sizasi imeneyo ndinkakudziwa bwino, ndinakula nako. Tsiku limenelo inkadula tsitsi limene ndinamuluka ndekha ali chigonere. Wina mkatimo ananena kanthu motsitsa mawu, mnzake n'kuseka, kenaka n'kudzitsokomoletsa. Atatsegula chitseko, mmodzi wa iwo anandiika ndolo ziwiri m'manja, osandiyang'ana.

Titalowa kukaona nkhope, m'bokosi munagona mwamuna wometedwa moipa, mutu uli zigambazigamba, atavala jekete lakuda lomukulira m'mapewa. Ankafanana ndi bambo. Ndi jekete lomwelo limene bambo ankavula n'kulipachika pamsomali akafuna kumumenya pochokera kutchalitchi. Diresi loyera lija linali pansi pakona, wina atapukutira manja. Amayi anasuzumira m'bokosimo kamodzi, nabweza nkhope yawo kukhoma. Anthu aja anapanga mzere wautali, ndipo ambiri ankatuluka ngati anthu amene awanamiza. Ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, kani anali mwamuna bwinobwino.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Mphepo inali itakula, ikutimwaza mchenga m'maso, ndipo nyanja kumunsi inali yoyera ndi mafunde, popanda bwato ngakhale limodzi. Njira ya kumanda atsopano inkadutsa m'mphepete mwa munda wa ujamaa, kenaka pa uvuni wa njerwa. Amuna ankalandizana bokosi mwaulemu wonse. Mmodzi mwa onyamulawo anali wa mgambo amene anamung'ambira bulauzi tsiku lomuvula lija. Anasenza mbali ya kumutu, nkhope ili yachisoni ndithu, ndipo ankaimba mokweza kuposa onse. Kutsogolo kunali mtanda wa matabwa, utoto wake usanaume, wolembedwa dzina la Yobe.

Ndinkayenda pakati pa akazi ndikuyang'ana misana yawo. Msoko wa Esinati sunkasowa, ankapinda kolala mwa njira yakeyake. Unali kumanja kwanga, kumanzere kwanga, ndi kutsogolo komwe. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula dzina lake. Polira ankangoti mwana wa eni, mwana wa eni.

Kumanda mphunzitsi analalikira kuti malemuyu anasokera nthawi yaitali, koma lero wabwerera mmene Mlengi anamupangira. Anthu anavomera. Amalume anathokoza onse, nanena kuti mbumba yataya mwamuna amene akanaimanga. Adzukulu atatsitsa bokosi, mayi wothyoka mwendo uja anadzikoka mpaka m'mphepete mwa dzenje, natulutsa kanga yobiriwira ija m'khwapa, n'kuiponya pamwamba pa bokosi. Sindikudziwa nthawi imene anaitenga. Mdzukulu wina anayang'ana amalume, amalume anapukusa mutu, ndipo iye anaikola ndi mpini wa khasu n'kuiponya kunja. Mphepo inaikankhira paminga. Anayamba kufotsera. Ndinafuna kukuwa dzina lake kuti manda onse amve, koma dothi linkagwa mofulumira.

Pobwerera anthu anasamba m'manja n'kudya. Nyemba zinatha, usipa unatha. Amuna ankakamba za sopo amene wasowa m'sitolo ya kijiji, ndi za mphepo, kuti ikapitirira chonchi sabata ino kulibe nsomba. Mayi wina anandikokera pambali n'kundifunsa ngati nsalu yake imene anasiya kwa malemu inasokedwa. Ndinalowa, ndinaipeza itadulidwa kale koma yosalumikiza, ndinamupatsa zidutswazo m'manja. Anaoneka wokhumudwa. Amalume anakwera njinga kusanade, ati kwawo n'kutali, adzabwera tsiku lometa.

Mwambo wake akazi amagona pa siwa masiku angapo, koma aliyense anapeza chifukwa. Wina mwana akudwala, wina mawa m'mawa kuli ntchito ya kumunda wa onse. Pofika madzulo tinatsala awiri, ine ndi amayi. Ndinasesa m'nyumba, ndinabweza miphika ya eni, ndinathira madzi pa zikuni zimene zinkafukabe. Mphepo inaleka. M'nyumba munkamveka fungo la utsi ndi la matabwa atsopano. Ndinawapatsa amayi phala, analandira n'kuliika pansi.

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamene panali mphasa. Kenaka analankhula, koyamba tsiku lonselo.

"Lusiya."

"Ee, amayi."

"Ndikadzafa ine, usadzandiike pafupi ndi bambo ako. Udzandiike pafupi ndi mwana wanga wamkazi. Ndipo amalume ako asadzaimirire kulankhula."

Inenso ndine mwana wawo wamkazi, koma ndinadziwa amene ankanena. Zaka zonse zija amayi ankamuitana kuti iwe, pouza anthu ankati mwanayu. Sanamuletsepo, sanamuvomerepo. Esinati ankawaphikira, kuwasambitsa akadwala, kuwasokera, akudikira mawu amenewo. Amayi anawanena bwino, momveka, m'nyumba mopanda wina wowamva koma ine.

Phala lija linazizira pomwepo. Ndinatseka chitseko, tinagona.