Sitiroko Inandilanda Mawu Ndili Mphunzitsi

Chizindikiro choyamba chinabwera Loweruka lina masana, m'mwezi wa Juni, ndili kutsogolo kwa kalasi. Chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi, ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi anthu akuluakulu m'holo ya tchalitchi chathu kuno ku Bindura, m'dziko la Zimbabwe. Ambiri ndi ogwira ntchito mumgodi ndi amayi a pamsika, ena makolo awo anachokera ku Malawi ngati bambo anga. Chingerezi cha m'buku amachidziwa ndithu. Chimene chimawazunguza ndi zining'a, mawu aja onena china koma akutanthauza china. Ndipo sakhutira ndi tanthauzo lokha, amafuna kudziwanso kumene mawuwo anachokera.

Tsiku limenelo Bambo Mwale, amene amayendetsa winchi, makina okoka miyala pansi pa mgodi, anabwera ndi mawu amene anawamva pamsonkhano wa zachitetezo, akuti canary in a coal mine. Ndinayamba kufotokoza kuti kale ku Ulaya okumba malasha ankatsika ndi kambalame m'kakhola, ndipo kakafooka ankadziwa kuti mpweya waipa, n'kuthawa. Koma nditafika pa liwu loti mbalame, linasowa. Ndinkakaona m'maganizo, koma dzina lake silinabwere m'chinenero chilichonse. Choko chinagwa m'dzanja langa lamanja. Patapita kanthawi zonse zinabwerera. Ndinaseka, n'kumaliza phunziro, ndikuti ndi kutopa chabe.

Sabata yotsatira mutu unkandiwawa cha kunkhongo, ndipo zala zinkachita dzanzi. Ndinkamwa mapiritsi a mutu. BP ndinali ndisanayezetseko kwa zaka zambiri, poti sindinali munthu wodwaladwala. Lachinayi m'mawa tiyi anayamba kutayikira pachibwano changa. Mkazi wanga, amake Rudo, anaona kuti pakamwa papindikira mbali imodzi. Anandifunsa, ine n'kuyankha, koma chimene chinatuluka sichinali mawu. Mnansi wathu anatitengera kuchipatala pa galimoto yake.

Kumeneko anapeza kuti BP yakwera kwambiri, ndipo anati ndi sitiroko. Ananditumiza ku Harare kukajambulidwa m'mutu. Tinadikira nthawi yaitali pakhonde, ine ndili pa njinga ya odwala, amake Rudo akundipukuta malovu. Amake Rudo atamufotokozera dokotala za choko chija, dokotalayo anati, "Imeneyo inali sitiroko yaing'ono. Akanabwera tsiku lomwelo, mwina iyi tikanaipewa."

Atandibweza kuchipatala cha kwathu ndinakhala m'wodi milungu ingapo. M'mawa uliwonse anesi ankayeza BP, kutipatsa mankhwala ndi kutitembenuza kuti tisachite zilonda. Kenako phala, kenako kudikira dokotala, kenako kudikira nthawi ya alendo. Nesi wina ankandifunsa m'Chishona tsiku lililonse kuti, "Sekuru, munonzi ani?" Ndinkamva bwino lomwe kuti akufuna dzina langa, koma lilime silinkandimvera. Munthu amene ndinadyera pakamwa moyo wanga wonse, ndinkaloza ndi chala ngati khanda.

Liwu loyamba kutuluka linali loti madzi. Sichinali Chishona chimene ndimalankhula tsiku lonse m'tauni, kapena Chingerezi chimene ndinaphunzitsa, koma Chichewa cha amayi anga cha ku komboni. Mwana wanga Rudo amamva Chichewa koma chikhalire amayankha m'Chishona. Ataona kuti ndikutsata msanga akandilankhula m'Chichewa, anayamba kudzikakamiza. "Baba, mufuna ndikukwezeni?" ankatero, lilime likukokera kwina. Aka kanali koyamba kucheza naye m'chinenero chathu.

Kunyumba ndinkatsatira zimene a fizo, madokotala olimbitsa ziwalo, anandiphunzitsa: kufinya kampira, kunyamula supuni, kuyenda ndi ndodo mpaka pageti n'kubwerera. Chishona chinabwerera pang'onopang'ono. Chingerezi chinachedwa, ndipo chitabwera chinabwera chouma. Tsiku lina ndinamva munthu pa wailesi akuti you are pulling my leg, ndipo ndinakhala ndikudabwa kuti akukokerana mwendo chifukwa chiyani. Mawu onse ndinawamva, koma zoti akutanthauza kuti ukundinamiza mwanthabwala zinandipita. Chining'a chimenechi ndinali nditachiphunzitsa kambirimbiri. Ndinazimitsa wailesi n'kulira. Madzulo ake ndinauza amake Rudo kuti akabweze kiyi wa holo.

Iwo sanakabweze. Loweruka lotsatira ndinangoona Bambo Mwale ndi Mayi Chirwa, amene amagulitsa tomato pamsika, akulowa pageti. "Aphunzitsi, sitinabwere kudzazonda, tabwera ku kalasi," anatero Mayi Chirwa. Tinakhala pakhonde. Anandifunsa kuti learn the ropes anachokera kuti. Ndinkadziwa kuti ndi za amalinyero atsopano ophunzira zingwe za ngalawa, koma kuti ndizinene panatenga nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Palibe amene anandimalizira chiganizo. Anangodikira, monga ndinkawadikirira iwo. Anapitiriza kubwera mpaka mvula inagwa, ndipo sabata iliyonse kudikirako kunkafupika.

Apo ndinazindikira kuti kale ndinkafulumira. Ndinkaganiza kuti chining'a n'chosavuta munthu akangouzidwa kamodzi. Sindinkadziwa manyazi a munthu wamkulu amene wamva liwu lililonse koma anzake akuseka iye osadziwa choseketsa.

Panopa ndinabwerera ku holo. Ndimaphunzitsa nditakhala pampando, ndipo pabolodi amandilembera ophunzira, chifukwa dzanja lamanja silinalimbe bwinobwino. Ndikatopa mawu amakakamirabe. Mankhwala a BP ndimamwa tsiku lililonse, mchere ndinachepetsa, ndipo kukiliniki sindijomba.

Kwa anzanga, makamaka ife abambo amene timati chipatala n'cha ofooka: kayezetseni BP ngakhale mukumva bwino. Mukaona pakamwa papindika, dzanja lalefuka, kapena mawu akusokonekera, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale zitasiya zokha musanavale nsapato. Zanga zinasiya zokha, ine n'kuseka. Inu musaseke, pitani.