Nyimbo Yoperekezera ya a Zuze

Lidali Lachinayi, cha m'ma 3 koloko masana, pamene mlendo wa kachikwama kakuda adatsika sitima pa Chiromo n'kufika kwathu akufunsa a Zuze oimba ulimba. Ine ndidali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndikupala zikho pansi pa mtengo wa masawu.

A Zuze adali agogo anga, obala mayi. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la phula losungunuka ndi la mlombwa wowambidwa pamoto, poti timatabwa ta ulimba ankatiwamba kaye, kenako n'kumatigogoda ndi chala khutu lili pafupi, kupala pang'ono, kugogodanso, tsiku lonse. Ntchito yanga idali kusaka tizisa toyera ta akangaude m'makoma, toti amate pa zibowo za zikho kuti ulimba uzinjenjemera polira.

Adali ndi nyimbo imodzi imene adapeka agogo aakazi atamwalira. Sankaiimba pamowa kapena paukwati, koma pamaliro pokha, nthawi yonyamula bokosi.

"Iyi njoperekezera wopita," ankatero. "Amoyo ali nazo zawo."

Mlendo uja adatulutsa kawailesi kojambulira mawu. Agogo adamuimbira nyimbo zingapo, iye n'kuti, "Ndamva muli ndi ina yachisoni, madala." Agogo adakana kawiri. Kachitatu adachita manyazi poti munthu adachokera kutali, ndipo adaimba. Adapatsidwa sopo ndi shuga. "Takhuta," adathokoza m'Chisena.

Mlendo atapita, agogo adandifunsa: "Iwe Esinati, kawailesi kaja kakaimba pamaliro a yani?"

Yankho ndidalimva agogo atapita kalekale, ine ndili ndi ana anayi. Ndinkadutsa pamsika, nyimbo ija n'kutuluka m'sipika ya pabala. Woimba wina wa m'tauni adaithamangitsa, adaikamo magitala, ndipo anthu ankavina botolo lili m'manja. Mawu adali omwewo. Pa wailesi ankati adapeka yekha.

Amuna anga, bambo a Rute, adagulitsa mbuzi kuti tipite ku ofesi ina ya m'tauni yoona za eni nyimbo. Bambo amene tidawapeza adatilandira bwino.

"Agogo anuwo adailembetsa? Pali pepala, kapena tepi ya mawu awo?"

"Sankatha kulemba. Tepi adatenga mlendo."

"Nanga mboni?"

"Onse amene ankabwera pamaliro kwathu."

"Ali kuti?"

"Ambiri tidawaika."

Adatiuza kuti tikapeza umboni tibwerenso. Tidakwera basi n'kutsika mapiri kubwerera kwathu.

Chaka chatha bambo a Rute adamwalira. Ndidatuma uthenga kwa oimba ulimba kuti ponyamula bokosi aimbe ya agogo. Mkulu wawo adabwera, adagwada pakhomo.

"Mayi, ya pabala ija? Pepani. Tikaiyamba, achinyamata avina bokosi lili pamapewa."

Adaimba ina. Ndidalibe mphamvu zokangana nawo, ndipo sadaname. Amuna anga adapita osaperekezedwa ndi nyimbo imene adaigulitsira mbuzi.

Ulimba wa agogo udapita ndi madzi osefukira. Ku ofesi sindidabwerereko, mbuzi ina palibe. Tsopano m'mudzi muno mukagwa maliro, bokosi likanyamulidwa, ndimayenda kumbuyo kwa amayi anzanga n'kumaiimba ndi pakamwa, pang'onopang'ono, monga ankaimbira mwini wake. Wina akafunsa, ndimamuuza kuti ndi ya a Zuze.